Nkhuku zanga zonenepa zikufa masana: kodi ndi matenda anji?

"Ndimaweta nkhuku zanyama m'khola la malata la mamita 8 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi. Ulendo wathawu, nyengo yozizira, ndinaika anapiye 300 ndipo zinayenda bwino moti ndinalimba mtima n'kuitanitsa 500. Pano zili m'sabata yachisanu, kunja kwatentha, ndipo tsiku lililonse ndikutola zakufa zitatu, zinayi, mwina zisanu, makamaka dzuwa likapendeka. Chondipweteka n'chakuti zikufazo ndi zonenepa zija. Zotsala, pafupifupi 470, zimangokhala kukamwa yasa, mapiko ali tambalale, chakudya sizikuchifuna kwenikweni. Nditayeza zingapo pasikelo ndapeza kuti zikulemera makilogalamu 1.6 basi. Katemera ndinapereka yense. Ndathira m'madzi mankhwala opha tizilombo mitundu iwiri koma palibe chikusintha. Ndithandizeni." Mayi woweta nkhuku

Mayi, pepani ndi zomwe zikukuonekeranizi. Kutola nkhuku yakufa imene mwaidyetsa masabata asanu, itangotsala pang'ono kubweza zanu, n'kowawa kuposa kutaya mwanapiye wa masiku awiri. Komabe mtima ukhale m'malo. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ine sindikuona mliri pamenepa. Matenda opatsirana sadikira kuti dzuwa lipendeke, ndipo sasankha zonenepa zokha. Chimene chimapha masana, kuyambira nkhuku zikuluzikulu, zinzake zili wefuwefu, kawirikawiri chimakhala kutentha. M'khola lanulo kutenthako kukuthandizana ndi kuthithikana, ndipo ziwirizi mungathe kuyamba kuzikonza lero lomwe popanda kugulanso botolo lina la mankhwala.

Thupi la nkhuku limatentha pafupifupi madigiri 41, pomwe lathuli limakhala pa 37. Nkhuku situluka thukuta, komanso yavala nthenga zimene singavule. Kunja kukakhala kozizirirapo, kutentha kwa m'thupi kumachoka kokha kudzera m'miyendo, kumutu ndi kunsi kwa mapiko kumene nthenga n'zochepa. N'chifukwa chake mukuziona zikutambasula mapiko, zina n'kumafukula utuchi kuti zigoneke nganga pamalo pozizirira. Nkhuku yanyama imene yamera nthenga zonse imapeza bwino pakati pa madigiri 18 ndi 24. Kukamayandikira 30, njira imeneyi imayamba kulephera, ndiye nkhuku imatsala ndi chimodzi chokha: kuyasamula kukamwa n'kumapuma mofulumira kuti madzi a kukhosi ndi m'njira za mpweya aziuma, n'kumachoka ndi kutenthako. Imeneyi ndi ntchito yakalavulagaga, ndipo minofu yogwira ntchitoyo nayo imatulutsa kutentha kwina. Mpweya wa m'khola ukakhala wodzaza kale ndi chinyezi, madzi a kukhosi aja sauma, nkhuku imangopuma pachabe. Thupi likakwera kupitirira madigiri 45, imfa yayandikira.

Kupuma kwa wefuwefuku kumasokonezanso magazi. Nkhuku imataya mpweya wa carbon dioxide wochuluka kuposa muyeso, magazi n'kuchoka pa mlingo wake. Impso poyesa kukonza zimenezi zimataya mchere wa m'thupi monga bicarbonate ndi potassium. Nkhuku imafooka, miyendo n'kulefuka, mtima n'kumagunda movutikira. Kufa kwambiri kumachitika chakumadzulo chifukwa nthawi imeneyo nkhuku imakhala italimbana kwa maola angapo, denga ndi zipupa zitamwa dzuwa tsiku lonse.

Mwafunsa mosalunjika chifukwa chake zikufa zonenepa. Nkhuku zamakonozi zinaswetsedwa kuti zizikula mwaliwiro lodabwitsa. Akatswiri a pa yunivesite ya Alberta ku Canada anaweta pamodzi mitundu ya nkhuku ya 1957, 1978 ndi 2005, n'kuidyetsa mofanana, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Pa masiku 56, ya 1957 inalemera magalamu 905, pomwe ya 2005 inapitirira makilogalamu 4. Nyama inachuluka chotero, koma mtima ndi mapapo sizinakule pa liwiro lomwelo. Nkhuku imene ikudya kwambiri ndi kukula kwambiri ndi imenenso ikutulutsa kutentha kwambiri m'kati mwake, ndipo khungu lotayira kutenthako n'lochepa poyerekeza ndi thupi lake. Mukaonetsetsa mupeza kuti zambiri mwa zakufazo ndi zazimuna.

Tsopano tibwere ku khola. Alimi ambiri amaganiza kuti kutentha kumachokera kudzuwa kokha. Nkhuku ya makilogalamu 2 imatulutsa kutentha kopitirira mawati 10 usana ndi usiku. Nkhuku 500 zikafika msinkhu umenewo, ndi ngati mwayatsa mbaula zamagetsi zingapo m'chipinda cha mamita 8 kwa 4, n'kuzisiya osazimitsa. Zikathithikana, mphepo sidutsa pakati pawo. Nkhuku iliyonse imagundana ndi inzake ya madigiri 41 kumanja ndi kumanzere, pansi pali utuchi wofunda, ndiye kutenthako kuchoke kudzera kuti? Choyezera kutentha mukachipachika pachipupa pa msinkhu wa mapewa anu chingakuuzeni kuti zinthu zili bwino, koma pansi pomwe pali nkhukupo n'potentha kuposa apo. Chitsitseni chikhale pa msinkhu wa msana wa nkhuku, pakati pa khola.

Powerengera malo ndimapempha alimi kuti asiye kuwerenga mitu, aziwerenga makilogalamu. Anapiye 500 a tsiku limodzi amakwana pakona imodzi ya khola, ndipo ndi pamene ambiri amapusitsika. Funso n'lakuti adzakhala makilogalamu angati tsiku logulitsa. Khola lanu ndi masikweya mita 32. Nkhuku 470 za makilogalamu 1.6 ndi makilogalamu 752, kutanthauza 23 ndi theka pa sikweya mita iliyonse, tisanachotsepo malo a zodyera ndi zomwera. Zikanakula mmene zimayenera kukulira, kupitirira makilogalamu 2 pa masiku 35, bwenzi mutadutsa 30. Makampani oswetsa nkhukuzi amalangiza kuti m'khola la mbali zotsegula, lodalira mphepo yachilengedwe, zisapitirire makilogalamu 20 mpaka 25 pa sikweya mita, ndipo m'nyengo yotentha kwambiri zitsike kufika pa 16 mpaka 18. Mukachulukitsa 32 ndi 18 mupeza 576, zomwe ndi nkhuku pafupifupi 290 za makilogalamu 2. Ndiye kuti 300 zija zinali kale pamalire, ndipo zinathandizidwa ndi nyengo yozizira. Sindikukudzudzulani ayi. Ulendo umodzi ukakoma, aliyense amafuna kuwonjezera, ndipo ichi chakoma ichi chakoma, tonse oweta tinagwapo chagada.

Mwina mudzamva wina akunena kuti kwina amaika nkhuku zambiri kuposa apo. N'zoona. Lamulo la mayiko a European Union la 2007 limalola makilogalamu 33 pa sikweya mita, ndipo mlimi angakwere kufika pa 39, ngakhale 42, akakwaniritsa zofunika zina. Koma taonani zofunikazo: kunja kukapitirira madigiri 30 pamthunzi, m'khola musatenthe kuposa kunjako ndi madigiri oposa 3, ndipo mpweya wa ammonia, wochokera m'zitosi, usapitirire 20 ppm (magawo 20 pa miliyoni a mpweya wa m'khola) pa msinkhu wa mutu wa nkhuku. Amenewo ndi makola a mafani akuluakulu ndi madenga otchinga kutentha. Mu 2004 gulu la Marian Dawkins wa ku yunivesite ya Oxford linafalitsa kafukufuku wa nkhuku 2.7 miliyoni za makampani khumi. Linapeza kuti umoyo wa nkhuku unkadalira kwambiri kutentha, chinyezi, utuchi ndi mpweya wa m'khola kusiyana ndi chiwerengero chokha, ngakhale kuti zothithikana kwambiri zinkakula pang'onopang'ono ndi kumagundana. Ena amawerenga zimenezi ngati chilolezo chodzaza khola. Ine ndimaziwerenga mosiyana: ngati mulibe mphamvu yolamulira mpweya ndi kutentha, chiwerengero cha nkhuku ndicho chokhacho chimene chili m'manja mwanu.

Kuchepa kwa thupi kuja kukuchokera mbali zingapo. Kugaya chakudya kumatulutsa kutentha, choncho nkhuku yomva kutentha imadziletsa kudya. Chochepa chimene yadyacho, mbali ina chimathera pa kupuma kuja. Magazi ambiri amathamangira kukhungu kukataya kutentha, matumbo n'kutsala ndi ochepa, khungu la m'kati mwa matumbo n'kufooka, moti chakudya sichilowa bwino m'thupi ndipo tizilombo ta m'matumbo timapeza polowera. Kuwonjezera apo, m'khola lodzaza nkhuku yofooka imagwa ulesi kudutsa pamisana ya zinzake kuti ikafike pachodyera. Ndi mmene zimayambira kusiyana misinkhu, zina zazikulu, zina ngati zatsalira ndi sabata yathunthu.

Pansi napo pamavuta. Nkhuku zotenthedwa zimamwa kwambiri, zitosi zimakhala zamadzi, ndipo zikachuluka utuchi supeza mpata wouma. Utuchi wonyowa ndi wofunda umatulutsa ammonia, fungo loyabwa m'maso lija. Mpweyawu umawononga timaubweya ta m'kholingo timene timasesa fumbi ndi tizilombo, ndiye chifuwa ndi matenda a m'mapapo amatsatira. Mphuno ya munthu wolowa m'khola tsiku lililonse imazolowera fungoli, choncho musaikhulupirire kwambiri. Gwadani pansi, nkhope ifike pomwe nkhuku zikupumira, muone ngati maso sayabwa. Tolaninso nkhuku zingapo muziyang'ane kuphazi, pamfundo ya mwendo ndi panganga. Mukaona zilonda zakuda, utuchi wanyowa. Fumbatani utuchi m'manja: wabwino umayoyoka mukatambasula dzanja, woipa umatsala chibuma. Chotsani zigamba zonyowa makamaka kuzungulira zomwera, muthire wouma, koma wosakhuthala kwambiri m'nyengo ino.

Za mankhwala mwathira aja, sakanathandiza chifukwa saziziritsa thupi. Ena amawawitsa madzi, nkhuku n'kuchepetsa kumwa pa nthawi imene madzi ndiwo moyo wake. Ngati dokotala wa ziweto sanakuuzeni kuti mupereke, asiyeni. Chokhacho ndivomereze n'chakuti kutentha kukatenga masiku ambiri chitetezo cha m'thupi chimatsika, chifukwa nkhuku yopanikizika imatulutsa corticosterone wambiri, mankhwala amene thupi limapanga likakhala pamavuto, ndipo tiziwalo topanga chitetezo timafota. Katemera amene munapereka angagwire ntchito moperewera, ndipo matenda a m'matumbo monga coccidiosis angalowerepo. Tibwereranso pamenepa.

Chofunika kuchita lero n'kuchepetsa nkhuku m'kholamo. Pafupifupi 150 zichoke. Njira yachidule ikanakhala kugulitsa zikuluzikulu, koma popeza mwapereka mankhwala, werengani papepala lake masiku oyenera kudikira nyama isanadyedwe, ndipo musagulitse masikuwo asanakwane. Pakadali pano zikonzereni malo ena a mthunzi, otchingidwa ndi waya, odutsa mphepo, okhala ndi zomwera ndi zodyera zake. Zigwireni usiku kapena m'bandakucha, modekha, osazithamangitsa. Nkhuku yotenthedwa mukaigwira masana ingathe kukuferani m'manja.

Kenako madzi. Pa nyengo yabwino nkhuku imamwa madzi olemera pafupifupi kawiri chakudya chimene yadya, ndipo kukatentha kumwako kumakwera kwambiri. Madzi akafunda kupitirira madigiri 30 nkhuku zimayamba kuwanyalanyaza, akafika cha m'ma 44 zimawakaniratu. Ndinayenderapo khola lina lomangidwa bwino ndithu, koma thanki yakuda inali padenga, dzuwa likuiwomba, ndipo madzi ofika m'zomwera anali ofunda ngati osamba. Mwini wake ankadabwa kuti zomwera zili zodzaza koma nkhuku zikufa ndi ludzu. Thanki ikhale pamthunzi, mapaipi akwiriridwe kapena akutidwe, ndipo masana muzitaya madzi ofunda n'kuthira ozizira kawiri kapena katatu. Wonjezerani zomwera, muzimwaze m'khola monse kuti nkhuku isayende mtunda wopitirira mamita 3 isanapeze madzi, ndipo m'zomwera zotsegula madzi akhale akuya ndithu kuti iziviikamo mlomo wonse. Ma electrolyte ndi vitamini C amathandiza pa masiku otentha kwambiri chifukwa amabwezera mchere wotayika uja. Tsatirani muyeso wolembedwa. Mukachulutsa, zitosi zimasungunuka, utuchi n'kunyowa kuposa kale.

Chakudya chisinthe nthawi. Kutentha kochokera m'kugaya kumafika pachimake patapita maola angapo nkhuku itadya, ndiye imene yakhuta cha m'ma 10 koloko m'mawa imakumana ndi moto wa m'mimba ndi wa dzuwa nthawi imodzi. Zidyetseni m'bandakucha, mukweze zodyera pafupifupi maola 6 kutentha kusanafike pachimake, mudzazitsitse madzulo kukayamba kuzizira. Yatsani nyali mbali ina ya usiku kuti zidye kozizira, koma zisiyireni maola osachepera 4 a mdima kuti zipume. Chenjerani pobwezera chakudya: zimathamangirana, kupondana ndi kukandana misana, choncho zodyera zikhale zokwanira ndipo zonse zitsike pamodzi. Njira imeneyi ndi ya masiku otentha okha, kukazizira bwererani ku kadyetsedwe ka nthawi zonse. Ngati chakudya chimene mumagula chili ndi mankhwala a nicarbazin oteteza coccidiosis, dziwani kuti amachititsa nkhuku kulephera kupirira kutentha, funsani okugulitsani.

Mphepo ndiye nkhani yaikulu, ndipo pano ndi pamene ndimakangana ndi alimi kawirikawiri. Chotsani makatani onse, masaka onse, ndi chilichonse chotsamira pa waya. Waya wogwira fumbi ndi nthenga amatchinga mphepo kuposa mmene mungaganizire, choncho asesedwe. Lambulani tchire lozungulira khola, koma udzu waufupi ukhalepo chifukwa dothi la mbee limabweza kutentha. Usiku musatseke. Nkhuku za masabata asanu sizimva kuzizira m'nyengo ino, ndipo usiku ndi nthawi yokhayo imene zimataya kutentha kumene zasonkhanitsa masana. Imene yazizidwa bwino usiku imalowa m'tsiku lotsatira ndi mphamvu, pomwe imene yagona m'khola lotseka imayamba tsiku itatentha kale. Mlimi wina ankatsitsa makatani dzuwa likangolowa chifukwa anazolowera kutero nkhuku zili anapiye. Atangosiya, kufa kunatsika m'masiku awiri. Ngati muli ndi magetsi, fani yowomba pa msinkhu wa nkhuku motsata kutalika kwa khola imachita zambiri. Denga la malata lipakeni laimu kapena penti yoyera pamwamba, kapena muyalepo udzu wouma. Kuthira madzi padenga masana kumathandiza. Kuwaza madzi m'kati ndimakuopa pokhapokha mpweya uli wouma ndipo mphepo ikuyenda, apo ayi mungowonjezera chinyezi. Nthawi ndi nthawi yendani pang'onopang'ono m'khola kuti nkhuku zidzuke. Kutentha kotsekeredwa pansi pawo kumatuluka, ndipo zambiri zikadzuka zimapita kukamwa. Imene yagwa kale, itengeni muinyowetse miyendo ndi kunsi kwa mapiko ndi madzi ozizirira, muiike pamthunzi podutsa mphepo.

Pa ulendo wotsatira, nyengo yotentha muike 280 kapena kuchepera apo, ndipo muzigulitse zisanalemere kwambiri. Yozizira mungathe kukwerako pang'ono. Dziwaninso kuti zimene zimapweteka kwambiri ndi kutentha kobwera mwadzidzidzi pa nkhuku za masabata anayi kupita m'tsogolo, chifukwa thupi limafuna masiku angapo kuti lizolowere. Anapiye a tsiku limodzi amafuna madigiri 32 mpaka 34, ndipo mlingowu umatsika ndi madigiri awiri kapena atatu sabata iliyonse. Alimi ena amaiwala kutsitsako. Mukadzamanga khola lina, kutalika kwake kuloze kum'mawa ndi kumadzulo kuti dzuwa lisalowe m'mbali, denga likhale lalitali ndi mpata wotulutsira mpweya wotentha pamwamba, chipupa cha m'mbali chikhale chachifupi kuti mphepo izifika pa nkhuku zenizenizo.

Ndinati tibwerera ku matenda. Ine khola lanu sindinalione, ndipo kutentha kumatha kubisa china. Itanani dokotala wa ziweto kapena mlangizi msanga ngati nkhuku zikufa usiku kapena m'mawa kozizira, ngati zikufa zazing'ono ndi zazikulu zomwe, kapena ngati kufako sikutsika patatha masiku awiri kapena atatu mutasintha zomwe tanenazi. Zitosi za magazi zimaloza ku coccidiosis. Zitosi zobiriwira, khosi lopindika ndi kupuma kwa phokoso ngakhale kozizira zimaloza ku chitopa, ndipo katemera sachotseratu chikayiko, makamaka ngati anasungidwa pofunda kapena kuperekedwa m'madzi ofunda. Mimba yodzaza madzi ndi vuto la mtima ndi mapapo. Mukaona zikufa zambiri nthawi imodzi, mitu itatupa, khungu la kumutu ndi miyendo litada, musagulitse kapena kusamutsa nkhuku ina iliyonse, musazigwire ndi manja opanda chotchinga, ndipo dziwitsani akuluakulu oona za ziweto tsiku lomwelo chifukwa chimfine cha mbalame chimaoneka motero. Dokotala akamabwera msungireni nkhuku ziwiri kapena zitatu zongofa kumene, pamalo pozizira, kuti azing'ambe. Yofa ndi kutentha imaonongeka msanga, choncho ya dzulo siimuuza zambiri. Kuyambira lero lembani pakapepala chiwerengero cha zakufa, nthawi imene mwazitola, ndi mlingo wa kutentha pa msana wa nkhuku cha m'ma 2 koloko masana, mudzamuonetse akafika.